Mafuta okuta mitsempha ya magazi: ndi njira iti yoyenera kulipirira kuno ku Harare?

Pafupifupi mitsempha yonse ya magazi m'thupi la munthu, kupatula ya mu ubongo, ndi yokutidwa ndi mafuta kunja kwake. Kwa nthawi yaitali mafutawa ankatengedwa ngati chotchinjiriza chabe, moti ofufuza ankayamba awasenda n'kuwataya asanayeze mtsempha. Mu 1991 Soltis ndi Cassis a ku yunivesite ya Kentucky anasonyeza, pogwiritsa ntchito makoswe, kuti mtsempha wosiyidwa ndi mafuta ake sukungika mwamphamvu ngati umene wasendedwa, ndipo kuyambira pamenepo zinadziwika kuti mafuta amenewa ali ndi ntchito. Akakhala abwinobwino amatulutsa zinthu, monga adiponectin, zimene zimafewetsa mtsempha kuti magazi ayende momasuka. Munthu akanenepa kwambiri, maselo a mafutawo amafufuma, okosijeni sawakwanira, maselo oyera a magazi amadzazanamo, ndipo m'malo mwa zofewetsa zija mumayamba kutuluka zinthu zoyambitsa kutupa, monga interleukin-6 ndi TNF-alpha.

Pa mtima nkhaniyi imakula chifukwa mitsempha imene imadyetsa mtima imadutsa m'kati mwenimweni mwa mafuta okhala pamwamba pa mnofu wake, popanda kachikopa kalikonse kolekanitsa, ndipo mafutawo ndi mnofuwo amalandira magazi kuchokera m'mitsempha imodzimodzi. Mu 2003 gulu la Mazurek ku Philadelphia linayerekeza mafuta a pa mtima ndi a pansi pa khungu mwa odwala omwe ankachitidwa opaleshoni ya mitsempha yotsekeka, ndipo linapeza kuti a pa mtima anali ndi zinthu zotupitsa zochuluka kuposa enawo. Madokotala anali ataonanso kale kuti kagawo ka mtsempha kamene kamamira mu mnofu, komwe kulibe mafuta, kawirikawiri sikatsekeka ngakhale magawo oyandikana nako atawonongeka. Mtsempha nawo umasintha mafuta ake: ukatupa m'kati, maselo a mafuta oyandikana nawo amachepa msinkhu n'kukhala amadzimadzi, ndipo kusintha kumeneku kumaoneka pa makina a CT, ojambula m'kati mwa thupi ndi cheza cha X-ray.

Chimene wowerenga ayenera kudziwa asanatulutse dola ndi chakuti palibe piritsi, tiyi, lamba kapena opaleshoni imene inavomerezedwa kuti ichotse mafuta okuta mitsempha paokha. Zimene zilipo ndi njira zoyezera ngozi ndi njira zoichepetsera, ndipo zina mwa izo zimachepetsanso mafutawo m'njira. Ndalama zambiri zimathera pa njira zooneka zamakono pamene zotchipa, zomwe umboni wake ndi wolimba, sizinayambidwe n'komwe.

Zoyezera njira iliyonse

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo ndikuwerengera zonse, kuphatikizapo ya kombi, ya dokotala wowerenga zotsatira ndi ndalama yowonjezera imene medical aid imakusiyirani, chifukwa ngakhale mamembala a CIMAS, PSMAS kapena First Mutual Health amadziwa kuti si zonse zimene khadi imalipira. Chachiwiri ndi kupezeka: kodi chinthucho chili pa kiliniki ya khonsolo ku Mbare, ku Mabvuku kapena ku Mufakose, kapena chimafuna kalata yopita ku Parirenyatwa ndi ku Sally Mugabe, kapena chili kwa madokotala olipira a ku Avenues okha? Chachitatu ndi kupitiriza, kutanthauza zimene njirayo idzafune kwa inu mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Chachinayi ndi zoopsa zake. Pamwamba pa zinayizi ndafunsanso ngati njirayo inasonyezedwa kuti imapulumutsa anthu ku matenda a mtima ndi sitiroko, kapena inangosonyezedwa kuti imachepetsa mafuta pa chithunzi, pakuti ziwirizi n'zosiyana.

Njira yoyamba: tepi ya telala, makina a BP ndi kuyezetsa magazi

Mafuta a pa mtima amayendera limodzi ndi mafuta a m'kati mwa mimba, choncho kukula kwa mimba kumanena zambiri kuposa sikelo. Muyezo wosavuta ndi wakuti kuzungulira kwa mimba, poyeza pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, kusafike theka la kutalika kwanu. Munthu wa masentimita 170 asafike masentimita 85. Manambala ena amene mungamve, 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi, anachokera ku kafukufuku wa anthu a ku Ulaya. Ofufuza a ku South Africa apeza kuti amayi akuda amakhala ndi mafuta ochepa a m'kati mwa mimba poyerekeza ndi azungu olemera mofanana nawo, koma matupi awo amavutikabe kugwiritsa ntchito insulin, choncho tepi yokha siyingamasule munthu popanda kuyeza BP, shuga ndi kolesterolo.

Mtengo: tepi ndi ya masenti, ndipo BP ndi shuga wa pachala amayezedwa pa ndalama yochepa. Chodulirapo ndi kuyeza kolesterolo, HbA1c (muyezo wa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo) ndi impso ku labotale, komabe zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa sikani imodzi.

Kupezeka: BP imayezedwa pa makiliniki a khonsolo ndi m'mafamase ambiri. Zoyeza za ku labotale m'zipatala za boma zimadalira ngati mankhwala oyezera alipo, ndipo nthawi zina mumauzidwa kukayezetsa kunja.

Kupitiriza: kamodzi pachaka kwa amene manambala ake ali bwino, ndipo pafupipafupi kwa amene ali pa mankhwala. Lembani zotsatira m'kabuku ka kuchipatala, chifukwa nambala imodzi ya BP sinena zambiri ngati manambala a miyezi ingapo.

Zoopsa: thupi silivulala nazo. Vuto lake ndi lakuti njirayi siona mtsempha weniweniwo, ndipo munthu wowonda wosuta fodya angadzinyenge kuti ali bwino chifukwa tepi yamukomera.

Njira yachiwiri: kujambulitsa mtima

Pali mitundu itatu imene anthu amaisokoneza. Echo imajambula mtima ndi mafunde a phokoso, ndipo kuyambira 2003, pamene Iacobellis anafotokoza njira yake, ofufuza amaigwiritsa ntchito kuyeza kuchindikala kwa mafuta a kutsogolo kwa mtima. Komabe akatswiri sanagwirizane nambala imodzi yosiyanitsa mafuta abwino ndi oopsa, ndipo muyezowo umasintha malinga ndi dzanja la wojambula. Phindu lenileni la echo kwa ife lili kwina: imaonetsa mtima wochindikala chifukwa cha BP, mtima wofutukuka ndi wofooka, komanso mavavu owonongeka ndi matenda a rheumatic a paubwana.

Mtundu wachiwiri ndi CT yowerenga kashiamu amene wauma m'mitsempha ya mtima, yomwe sifuna kubayidwa mankhwala. Wachitatu ndi CT yojambula mitsemphayo munthu atabayidwa mankhwala a ayodini, ndipo pamenepa m'pamene sayansi ya mafuta okuta mitsempha yafika patali. Gulu la Charalambos Antoniades ku Oxford linafalitsa mu 2017 muyezo wotchedwa FAI, umene umawerenga mmene mafuta ozungulira mtsempha asinthira. Mu 2018 kafukufuku wa CRISP-CT, wa odwala 3,912 a ku Erlangen ndi ku Cleveland, anasonyeza kuti omwe FAI yawo inali yokwera ankamwalira ndi mtima mochuluka kuposa anzawo, ndipo mu 2024 kafukufuku wa ORFAN, wa anthu oposa 40,000 ku Britain, anapeza kuti ambiri mwa amene anadzadwala kapena kumwalira ndi mtima analibe mtsempha wotsekeka kwambiri pa nthawi imene ankajambulidwa. Izi n'zochititsa chidwi, koma FAI imawerengedwa ndi pulogalamu yapadera ya kompyuta imene si mbali ya lipoti wamba la CT. Munthu amene akulipira CT poganiza kuti adzauzidwa za kutupa kwa mafuta ake afunse kaye ngati lipotilo lidzakhala ndi nambala imeneyi.

Mtengo: echo ndi yotsikirapo, CT ya kashiamu ili pakati, ndipo CT ya ayodini ndi ya madola mazana. Medical aid kawirikawiri imafuna kalata ya katswiri ndi chilolezo musanajambulidwe.

Kupezeka: echo imapezeka m'zipatala zazikulu za boma ndi kwa akatswiri a mtima olipira. CT ya mitsempha ya mtima imafuna makina othamanga ndi munthu wozolowera kuiwerenga, choncho si malo alionse okhala ndi CT amene angaichite.

Kupitiriza: si chinthu chobwereza chaka ndi chaka. Chofunika kukumbukira ndi chakuti chithunzi sichichiritsa. Chikaonetsa vuto, mankhwala amene mudzapatsidwe ndi omwe aja a njira yachinayi, ndipo ndalama zake ziyenera kukhala zitatsala.

Zoopsa: echo ilibe. CT ili ndi cheza cha X-ray, ayodini angavulaze impso zofooka kale kapena kuyambitsa ziwengo, kawirikawiri mtima umayenera kuchepetsedwa liwiro ndi mankhwala musanajambulidwe, ndipo amene akumwa mankhwala a shuga a metformin auze ojambulawo. Nthawi zina chithunzi chimaonetsa kanthu kosadziwika bwino m'mapapo kapena mu mtsempha, ndipo kameneko kamabala zoyeza zina zodula ndi nkhawa ya miyezi.

Njira yachitatu: kusintha kadyedwe, kuyenda ndi kusiya fodya

Iyi ndi njira imene aliyense amaivomereza ndi pakamwa, choncho ndi bwino kuona zimene imachitadi pa mafuta amene tikukambawa. Mu 2019 ofufuza a ku Copenhagen anagawa anthu 50 a mimba zikuluzikulu m'magulu atatu kwa milungu 12. Amene ankachita masewera opumitsa wefuwefu anachepetsa mafuta a pamwamba pa mtima ndi 32 peresenti, ndipo onyamula zolemera anachepetsa ndi 24 peresenti. Gululo linali laling'ono, koma likugwirizana ndi zimene zaoneka kwina, kuti mafuta a m'kati amasungunuka msanga kuposa a pansi pa khungu, nthawi zina sikelo isanasunthe n'komwe. Ambiri amasiya kuyenda pakatha mwezi chifukwa chakuti makilogalamu sakutsika, chikhalirecho lamba wayamba kale kukhwefuka.

Bungwe la WHO limalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za kuyenda mofulumira kapena ntchito yofanana nako, masiku awiri a masewera olimbitsa minofu, ndi mchere wosafika magalamu 5 patsiku. Pa chakudya, vuto la nyumba zathu zambiri si nsima yeniyeniyo ayi, koma kukula kwa mtanda, ufa woyera m'malo mwa mgaiwa, mafuta ophikira osefukira mu ndiwo, buledi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, zakumwa zotsekemera, ndi nyama yowotcha ya Loweruka yotsagana ndi mowa. Chimene chimatithandiza ndi chakuti zolowa m'malo mwake ndi zakudya zomwe makolo athu anabwera nazo kapena anazipeza konkuno: nsima ya mapira kapena ya mawere, nyemba, khobwe, nandolo, matemba, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso ndi therere, ndipo zambiri mwa izi zili pa Mbare Musika. Matemba ouma amakhala ndi mchere wambiri, choncho aviikidwe kaye ndipo asathiridwenso wina.

Fodya ndiye woyenera kusiyidwa choyamba, chifukwa amatupitsa mtsempha kuchokera m'kati ngakhale mwa munthu wopanda mimba.

Mtengo: kuyenda n'kwaulere, ndipo kutsika kombi patali pang'ono ndi kwanu sikuwonjezera kanthu. Ufa wa mapira ndi wa mawere umadula kuposa wa chimanga m'tauni, koma ndalama ya zakumwa zotsekemera, zomwe zili ndi msonkho wa shuga kuyambira 2024, ndi ya fodya imabweza kusiyanako.

Kupezeka: paliponse, ngakhale kuti mayi wogulitsa pa msika kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, kapena bambo wolondera usiku, alibe nthawi yofanana ndi ya munthu wa mu ofesi. Misewu yamdima imachititsanso kuti kuyenda m'bandakucha kukhale kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo apa magulu a amayi a mvano ndi a mabungwe a maliro akhoza kuthandiza kuposa malo olipira ochitirako masewera.

Kupitiriza: apa m'pamene njirayi imavutira. Munthu akasiya, mafuta amabwerera, ndipo m'nyumba yophika mphika umodzi simungasinthe mbale ya munthu mmodzi popanda kugwirizana ndi wophika. Palinso mawu a abale, pakuti pakati pathu munthu akayamba kuwonda amafunsidwa ngati akudwala, pamene mimba imatengedwa ngati chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda.

Zoopsa: zochepa. Amene amamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika akamakwera chitunda aonedwe kaye ndi dokotala asanayambe, ndipo wodwala shuga amene ali pa insulin kapena glibenclamide asachepetse chakudya mwadzidzidzi popanda kusintha mlingo wa mankhwala, chifukwa shuga angatsike mpaka kumukomola.

Njira yachinayi: mapiritsi a BP ndi ma statin

M'maganizo anga, pa dola iliyonse imene munthu angatulutse, palibe njira ya kuchipatala yoposa iyi. Kafukufuku wa THESUS-HF wa 2012, yemwe anatsogoleredwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo ndipo anaona odwala oposa 1,000 m'mayiko 9 a mu Africa, anapeza kuti BP ndi imene inachititsa pafupifupi 45 peresenti ya kulephera kwa mtima, pamene kutsekeka kwa mitsempha ya mtima sikunafike 10 peresenti. Mafuta okuta mitsempha akukhudzidwanso pano: ofufuza a ku Manchester anasonyeza mu 2009 kuti mwa anthu onenepa kwambiri mafuta okuta timitsempha ting'onoting'ono amataya mphamvu yake yofewetsa, ndipo timitsempha tokungika timakweza BP. Za mankhwala oyenera anthu akuda tili ndi umboni wa kwathu konkuno. Kafukufuku wa CREOLE wa 2019, wochitikira m'mayiko 6 a kum'mwera kwa Sahara, anapeza kuti amlodipine wophatikizidwa ndi hydrochlorothiazide kapena perindopril amatsitsa BP kuposa awiri enawo akaphatikizidwa popanda amlodipine.

Ma statin, monga atorvastatin ndi simvastatin, amatsitsa kolesterolo woipa wa LDL, ndipo kafukufuku wa anthu ochuluka zedi anasonyeza kuti kutsitsa LDL ndi 1 mmol/L kumachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi pafupifupi 22 peresenti. Amachepetsanso kutupa m'mitsempha. Kwa omwe ali ndi HIV nkhaniyi ndi yofunika mwapadera, chifukwa kachilomboka kamasiya kutupa kosatha m'thupi ngakhale katagonjetsedwa ndi ma ARV, ndipo dolutegravir, amene ali mu piritsi la TLD limene ambiri akumwa, amanenepetsa anthu ena, makamaka amayi, monga anasonyezera kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg mu 2019. Mu 2023 kafukufuku wa REPRIEVE, wa anthu 7,769 okhala ndi HIV, anapeza kuti statin wotchedwa pitavastatin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi 35 peresenti mwa anthu omwe ngozi yawo inkaoneka yochepa kapena yapakati.

Pali piritsi linanso lakale, colchicine, la matenda a gout, limene limalimbana ndi kutupa kwenikweniko. Mu kafukufuku wa LoDoCo2 wa 2020, mlingo wa 0.5 mg patsiku unachepetsa mavuto a mtima ndi 31 peresenti mwa odwala mitsempha ya mtima kale, koma kafukufuku wina wamkulu wa 2024, wa anthu ongodwala kumene mtima, sanapeze phindu. Ndi piritsi loti katswiri asankhe, osati logula nokha.

Mtengo: mapiritsi a BP ndi ma statin opangidwa ndi makampani wamba ndi a madola ochepa pamwezi, ndipo mitengo imasiyana ndithu pakati pa famase ndi famase, choncho kufunsa malo awiri kapena atatu kumapindula.

Kupezeka: amlodipine, hydrochlorothiazide ndi atorvastatin amapezeka m'mafamase ambiri a mu mzinda. Ku makiliniki a boma ndi a khonsolo mankhwala amatha nthawi zina, ndipo mumapatsidwa kalata yokagulira. Gulani m'malo ovomerezeka ndi MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, osati mapiritsi oyalidwa padzuwa m'mbali mwa msewu.

Kupitiriza: tsiku lililonse, mwina moyo wonse. BP ikatsika ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti matenda atha, ndipo ena mwa amene amagwidwa ndi sitiroko amakhala atasiya mapiritsi chifukwa ankamva bwino. Impso ndi mchere wa m'magazi ziyezedwe nthawi ndi nthawi.

Zoopsa: amlodipine amatupitsa mapazi mwa ena, perindopril ndi anzake monga enalapril amayambitsa chifuwa chouma ndipo nthawi zina kutupa milomo ndi lilime komwe kumafuna chipatala msanga, ndipo hydrochlorothiazide angadzutse gout. Ma statin amapweteketsa minofu mwa anthu ochepa ndipo amakweza shuga pang'ono. Ma statin ndi mankhwala a gulu la enalapril si a mayi woyembekezera. Simvastatin saloledwa kwa amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, ndipo mlingo wake usapitirire 20 mg ngati mukumwanso amlodipine. Colchicine amatsegula m'mimba, ndipo ndi woopsa kwa wa impso zofooka kapena amene akumwa ritonavir kapena clarithromycin, mankhwala opha mabakiteriya.

Njira yachisanu: mankhwala atsopano a shuga ndi ochepetsa thupi

Majakisoni a semaglutide, omwe amagulitsidwa ndi maina a Ozempic ndi Wegovy, ndi amene akukambidwa kwambiri pa WhatsApp. Amachepetsa chilakolako cha chakudya, ndipo m'kafukufuku waung'ono mankhwala a gulu limeneli anachepetsa mafuta a pa mtima. Umboni waukulu ndi wa SELECT wa 2023, wa anthu 17,604 onenepa, opanda shuga koma odwala kale mtima kapena mitsempha, momwe mavuto aakulu a mtima anachepa ndi 20 peresenti. Tiyenera kuona bwino kuti anthuwo anali odwala kale ndipo ambiri anali pa statin, choncho jakisoniyo inawonjezera pa mapiritsi, siinalowe m'malo mwake. Gulu lina ndi la mapiritsi a empagliflozin ndi dapagliflozin, amene amatulutsa shuga mu mkodzo. Sachepetsa thupi kwambiri, koma amateteza odwala mtima wolephera ndi a impso, ngakhale opanda shuga.

Mtengo: jakisoni ya mwezi umodzi ingagule statin wa chaka chonse n'kutsala chenji. Mapiritsi aja ndi otsikirapo, makamaka a makampani wamba, koma amaposabe metformin.

Kupezeka: kwa madokotala ndi mafamase olipira, ndi kalata ya dokotala. Mu 2024 WHO inachenjeza za Ozempic wachinyengo amene anapezeka m'mayiko angapo, choncho jakisoni yobwera m'chikwama cha munthu kudzera pa Beitbridge, yopanda wodziwa kumene inachokera ndi mmene inasungidwira, si yoyenera kubaya m'thupi.

Kupitiriza: jakisoni imabayidwa kamodzi pa mlungu, ndipo isanatsegulidwe imasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, zomwe si zapafupi m'madera amene magetsi a ZESA amazima maola ambiri. Chachikulu ndi chakuti amene anasiya semaglutide m'kafukufuku wa STEP 1 anabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene anataya m'chaka chimodzi chokha. Amene angakwanitse miyezi itatu yokha ndi bwino asayambe.

Zoopsa: nseru, kusanza, kudzimbidwa, miyala ya mu ndulu, kutupa kwa kapamba mwa ochepa, ndi kutha kwa minofu ngati munthu sakudya zomanga thupi ndi kulimbitsa minofu. Si ya mayi woyembekezera. Mapiritsi otulutsa shuga amabweretsa mauka ndi kuyabwa kumaliseche, amachepetsa madzi m'thupi, ndipo ayenera kuimitsidwa munthu akamasanza, akamatsegula m'mimba kapena akamakonzekera opaleshoni. Amene amasala kudya pa Ramadan kapena pa mapemphero akambirane ndi dokotala nthawi isanafike.

Njira yachisanu ndi chimodzi: opaleshoni

Opaleshoni yochepetsa chifu imatsitsa thupi kuposa njira ina iliyonse. Kafukufuku wa ku Sweden wotchedwa SOS anasonyeza mu 2012 kuti ochitidwa opaleshoniyi ankamwalira ndi mtima mocheperapo, ndipo gulu la ku Manchester lija linapeza mu 2013 kuti patatha miyezi 6 mafuta okuta timitsempha anabwezeretsa mphamvu yake yofewetsa, odwalawo akadali onenepa ndithu. Isasokonezedwe ndi kupopa mafuta a pansi pa khungu, kumene kafukufuku wa Klein wa 2004 anasonyeza kuti sikusintha shuga, BP kapena kolesterolo ngakhale atachotsa makilogalamu ambiri, chifukwa sikufika pa mafuta a m'kati. Tiyi wophwetsa mimba ndi malamba otulutsa thukuta nazonso sizifikako. Zimangochotsa madzi, ndipo tiyi wina wotere ndi mankhwala otsegula m'mimba chabe.

Mtengo: madola masauzande, kuwonjezapo ulendo ndi malo ogona kwa amene akupita ku South Africa kapena ku India.

Kupezeka: ndi ya m'zipatala zolipira, ndipo imaganiziridwa kwa onenepa kwambiri, makamaka okhala ndi shuga kapena BP yovuta.

Kupitiriza: mavitamini, ayironi ndi B12 moyo wonse, kuyezetsa magazi chaka ndi chaka, ndi kudya pang'onopang'ono mpaka kalekale. Wochitidwira kunja apezeretu dokotala wa ku Harare womuyang'anira akabwerako.

Zoopsa: kutaya magazi, kudontha kwa pamene pasokedwa, magazi kuundana m'miyendo ndi m'mapapo, kuchepa magazi, ndipo mwa ochepa imfa.

Njira iti kwa ndani

Amene akumva chifuwa kuthina kapena kulemera, ululu ukufalikira ku mkono kapena ku chibwano, thukuta likutuluka, kapena amene nkhope yapotoka ndipo mawu sakumveka, alibe chosankha pa zonsezi. Apite ku chipatala chachikulu nthawi yomweyo.

Munthu wa zaka za m'ma 30 kapena 40, wa mimba yopitirira theka la msinkhu wake koma wopanda chodandaula, ayambe ndi njira yoyamba ndi yachitatu, ndipo CT aisiye. Ngati BP yake ikupezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyanasiyana, awonjeze mapiritsi osadikira kuti ayambe waonda kaye.

Wodwala shuga wa zaka zoposa 40 afunse dokotala za statin ngakhale kolesterolo wake akuoneka wabwino, ndipo ngati impso zayamba kutulutsa puloteni kapena mtima wayamba kufooka, ndalama yowonjezera ipite ku empagliflozin kapena dapagliflozin isanapite ku jakisoni. Amene akutupa miyendo ndi kubanika akagona chagada akufunika echo. CT ya ayodini ndi ya munthu amene amamva kupweteka pachifuwa akamagwira ntchito ndipo dokotala akufuna kudziwa ngati mitsempha yatsekeka, pamene CT ya kashiamu imathandiza wa zaka zapakati amene iye ndi dokotala wake akukayika ngati ayambe statin.

Amene anadwalapo kale mtima kapena sitiroko asasiye statin ndi mankhwala a BP zivute zitani; semaglutide ndi yowonjezera kwa wonenepa amene ali ndi ndalama ndi firiji yodalirika kwa zaka, ndipo opaleshoni ndi ya amene kunenepa kwake kwakanika njira zina zonse ndipo ali ndi womuyang'anira pambuyo pake.

Amene ali pa ma ARV ndipo wadutsa zaka 40 asasiye TLD chifukwa cha kunenepa. Apemphe kuti BP, shuga ndi mimba ziziyezedwa tsiku lomwe akutenga mankhwala, afunse za statin, ndipo atchule dzina la ma ARV ake kwa aliyense womulembera mankhwala a mtima. Agogo amene amakhala miyezi ina kuno, ina kumudzi ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Tete, asankhiridwe mapiritsi wamba opezeka mbali zonse za malire, monga amlodipine ndi hydrochlorothiazide, atengeretu okwanira ulendo wonse, ndipo maina ndi milingo yake zilembedwe m'kabuku kamene adzayenda nako.